Kumbuyo kwagwa, koma yezani kutsogolo

Eni magalimoto akuluakulu okokera ngolo amabwera kugalaja ndi dandaulo limodzi: "Amakaniko, kumbuyoku kwagwa, ndiikireni masipuling'i olimba." Ine ndisanagwire sipanala ndimatenga tepi. Ndimayeza kuchokera pansi kufika m'mphepete mwa bodi pamwamba pa tayala lakutsogolo, ngolo isanamangidwe, kenako ndimayezanso itamangidwa. Nthawi zambiri kutsogoloko kumapezeka kuti kwakwera, koma mwiniwake sanaone chifukwa maso ake anali kumbuyo.

Ganizirani thabwa lomwe laikidwa pamwala. Mukaponda mbali imodzi, inayo imanyamuka. Pagalimoto, mwalawo ndi matayala akumbuyo, ndipo pomwe mukupondapo ndi chitsulo chokolekapo ngolo. Titengere chitsanzo Toyota Land Cruiser 200, yomwe kuchokera pa matayala akutsogolo kufika akumbuyo ndi mamita 2.85. Tinene kuti pokolekera pali mamita 1.3 kuseri kwa matayala akumbuyo, ndipo mphuno ya ngolo ikutsamira pamenepo ndi makilogalamu 300. Masamu ake akusonyeza kuti matayala akutsogolo apepukidwa ndi makilogalamu pafupifupi 137, pamene akumbuyo asenza 437, osati 300 monga ambiri amaganizira. Makilogalamu 137 amenewo achoka pa matayala omwe amakhotetsa galimoto, omwenso amagwira ntchito yaikulu mukaponda buleki. N'chifukwa chake chiwongolero chimapepuka m'manja, nyali zimathobwa anzanu usiku, ndipo lole ikakudutsani galimoto imayamba kudzandira.

Apa ndi pomwe ambiri amataya ndalama. Matumba a mpweya othandizira masipuling'i, aja amati airbag, amaimitsadi galimoto mowongoka, ndipo ubwino wake ndi woti mukamasula ngolo mumachepetsa mpweya, osayenda mukugubuduka ngati muli pa thirakitala. Masipuling'i olimba nawonso amakweza kumbuyo, koma kuuma kwake mumakumva tsiku lililonse, ngakhale mulibe katundu. Zonse ziwirizi sizibweza kulemera kutsogolo. Galimoto imaoneka bwino ikaima, koma matayala akutsogolo amakhalabe opepuka. Sindikunena kuti n'zachabe, ine ndemwe ndimaziika, koma zimachiza kugwa kwa kumbuyo basi.

Chomwe chimasunthadi kulemera ndi chokolekera chotchedwa weight distribution hitch. Chili ndi zitsulo ziwiri zomwe zimakungidwa pakati pa galimoto ndi ngolo, n'kukankhira gawo la katundu ku matayala akutsogolo, gawo lina ku matayala a ngolo. Mukachikunga bwino, tepi ija imakuuzani yokha: kutsogolo kumabwerera pafupi ndi pomwe kunali. Chenjerani komabe, si opanga magalimoto onse omwe amachilola, choncho werengani buku la galimoto yanu komanso zolembedwa pa chitsulo chokokeracho. Pamsewu wa zigwembe zakuya zitsulozo zimafunika kumasula, apo ayi zimapanikiza chesisi.

Mashoki sasenza katundu, ntchito yake ndi kuletsa sipuling'i kupitiriza kudumpha. Mukadutsa pa hampu galimoto n'kugwedezeka katatu kapena kanayi isanakhazikike, mashokiwo atha. Pokoka zolemera ndimakonda a mtundu wa monotube, aja a chubu chimodzi, chifukwa amataya kutentha msanga, ndipo shoki ikatentha kwambiri mafuta ake amachita thovu n'kufooka. Musanagule chatsopano chilichonse, wina alowe pansi aone mabushi, timalabala ta m'malo olumikizira zitsulo, ndi ma ball joint, mfundo zozungulira zomwe tayala limakhoterapo. Ndaonapo anthu akuika mashoki okwera mtengo pa mabushi ong'ambika, n'kumadabwa kuti galimoto ikusewerabe. Sway bar, chitsulo cholumikiza mbali ya tayala lakumanja ndi lakumanzere, ikakhala yonenepa imachepetsa kupendekeka pokhota, koma siiletsa ngolo kugwedeza mchira, ngakhale dzina lake, lomwe m'Chingelezi limanena za kugwedezeka, limanyenga anthu. Matayala olembedwa LT ali ndi mbali zolimba, sapindika kwambiri akalemedwa, ndipo mpweya wake muziyeza m'mawa asanatenthe. Za kukweza galimoto kuti ioneke yamphamvu, ngati ntchito yake ndi kukoka, zisiyeni. Ikatalika imapendekeka mosavuta.

Kugwedeza mchira kuja nthawi zambiri kumachokera m'mene mwapakirira. Katundu wolemera akakhala kuseri kwa matayala a ngolo, mphuno imapepuka ndipo ngolo imayamba kuvina liwiro likakwera. Ku America amalangiza kuti mphuno isenze 10 mpaka 15 peresenti ya kulemera kwa ngolo yonse, pamene ngolo zopangidwa ku Ulaya zimafuna zocheperapo. Ikayamba kuvina, chotsani phazi pa moto pang'onopang'ono, gwirani chiwongolero mowongoka, ndipo ngati ngolo ili ndi mabuleki amagetsi, agwiritseni okhawo ndi dzanja.

Palibe sipuling'i kapena thumba la mpweya lomwe palokha limasintha malire omwe opanga analemba pa kachikwangwani ka galimoto, kamene kawirikawiri kamakhala pa mzati wa chitseko. Pali malire a galimoto yonse komanso a ekiselo iliyonse, ndipo anthu okwera, katundu wa m'buti ndi mphuno ya ngolo zonse zimawerengedwa momwemo. Pagalimoto zazikuluzi, ekiselo yakumbuyo imatha kupyola malire ake ngolo isanafike n'komwe pa kulemera kololedwa. Pakirani monga mumachitira paulendo, pitani pa sikelo ya magalimoto, muyeze ekiselo iliyonse payokha, ndipo manambalawo mubwere nawo kugalaja.