Nkhuni zouma nazo zili ndi mwini wake

Ku Zomba kuno ambiri timakhulupirira kuti nthambi ikangouma n'kugwa pansi, basi ndi ya aliyense. Amati kuba n'kudula mtengo wauwisi, koma kutola zouma si mlandu. Maganizo amenewa ndi olakwika.

Mtengo wa m'munda mwa munthu ndi wake, wauwisi kapena wouma. Agogo amene anadzala bulugamu m'malire mwa munda wawo amadalira nthambi zomwezo pophikira, ndipo mwina alibe mphamvu zokwera phiri kukafuna zina. Mukawatolera osapempha, mwawalanda moto wa madzulo. Chimandipweteka n'chakuti ambiri mwa eni minda sakana munthu akafika n'kunena kuti, "Odi amayi, nditoleko tinkhuni." Ena amakuuzani ndithu mbali yoti mutole.

Phiri la Zomba nalo si lopanda mwini. Ndi nkhalango yotetezedwa pansi pa lamulo la zankhalango la 1997, ndipo wotola nkhuni kumeneko amayenera kukhala ndi chilolezo cha a zankhalango. Zinyalala ndi nthambi zowola zimathandiza nthaka kusunga madzi amene amatsikira m'damu la Mulunguzi, lomwe timamwa m'tauni muno.

Kunkhalango ya m'mudzi, kapempheni kwa amfumu.