Mtundu wa nyimbo ukadali ndi ntchito, ndipo manambala ogula amapha nyimbo

Sabata iliyonse mu situdiyo ndimamva mawu omwewa: "Achimwene, nyimbo zanga zilibe mtundu, ine ndimangoimba basi." Ikafika nthawi yotumiza nyimbo ku Spotify kapena Apple Music, pamene fomu yafunsa mtundu amangodina chilichonse, kawirikawiri "pop". Zanditopetsa.

N'zoona kuti omvera sasamala kwenikweni. Munthu yemweyo m'mawa ali pa amapiano, madzulo pa nyimbo zauzimu. Koma amene amasankha makutu oti nyimbo yanu ikafikemo ndi makina, pamodzi ndi anthu ochepa okonza ma playlist (mindandanda ya nyimbo zosankhidwa), ndipo dzina la mtundu amaliyang'ana. Mukalemba zolakwika, nyimbo imakagwera anthu amene sanaifune. Amaidumpha masekondi 30 asanakwane, ndipo ku Spotify zimenezo siziwerengedwa kuti yamveredwa. Ngakhale akuluakulu amakanganirana mainawa. Mu 2019 Billboard, magazini ya ku America imene imasanja nyimbo zotchuka pa matchati, inachotsa "Old Town Road" ya Lil Nas X pa tchati cha country, ati siinali country mokwanira. Mkanganowo unangoitchukitsa, inakhala pa nambala wani ya Hot 100, tchati chachikulu cha Billboard, masabata 19. Koma inu si Lil Nas X, palibe nyuzipepala imene idzakudandaulireni.

Nanga matchati? Okonza zoimbaimba ndi a wailesi amawayang'anabe, ndiye musawanyoze. Kungoti masiku ano amawerenga kwambiri kumvera kwa pa intaneti. Mu 2018 Billboard inkatenga kumvera ka 1,250 kwa anthu olipira, kapena ka 3,750 kwa omvera ulere, ngati chimbale chimodzi chogulidwa. Apa ndi pamene akathyali apezerapo msika.

Amakulemberani pa Instagram, kudzitcha "promoter", n'kulonjeza omvera masauzande m'masiku atatu. Amene ali ndi omvera enieni salonjeza nambala, sangaidziwiretu. Enawa amagwiritsa ntchito makompyuta ongoliza nyimbo usiku ndi usana popanda khutu la munthu.

Mtsikana wina amene ndinamujambulira nyimbo zinayi samandichoka m'mutu. Mawu ake anali oti ukamamva umasiya kugwira mabatani. Analipira munthu wotere osandiuza. Anabwera akumwetulira, foni m'manja, kundionetsa manambala akukwera. Nditayang'ana kumene omverawo akuchokera, pafupifupi onse anali a mzinda umodzi wa kudziko limene sanayambe waimbako, ndipo panalibe amene anasunga nyimboyo. Ndinamuuza kuti alembere kampani yomutumizira nyimbo ku Spotify tsiku lomwelo, afotokoze yekha zimene zachitika. Anati adikire kaye, mwina siziwoneka.

Kuyambira 2024 Spotify imalipiritsa makampani otumiza nyimbo chindapusa ikagwira chinyengo choterechi, ndiye nawonso sanyengerera. Patatha milungu ingapo nyimbo zonse zinayi zinachotsedwa, ndalama zake zinagwidwa, ndipo "promoter" uja anali atamubuloka kale. Atazibwezeretsa kudzera ku kampani ina, anayambira pa ziro. Sanabwerenso kudzajambula yachisanu.