Singano za acupuncture sizichiza kutsegula m'mimba kwa IBS

Ambiri amakhulupirira kuti singano zopyapyala za ku China (acupuncture) zikabayidwa m'mbali mwa mchombo ndi pansi pa bondo, vuto la IBS limatheratu. IBS ndi lija munthu amadya pang'ono, m'mimba n'kupotokola, kenako liwiro wa kuchimbudzi, komabe akapimidwa madokotala osapeza chilonda m'matumbo.

Odwala ambiri amapezadi bwino, koma zikuoneka kuti chinsinsi si singano. Mu 2012, bungwe la Cochrane, lomwe limaunika kafukufuku wa zaumoyo, litasonkhanitsa kafukufuku wosiyanasiyana, linapeza kuti obayidwa zenizeni sanaposa obayidwa mongoyerekezera chabe.

Zochititsa chidwi zinatuluka ku yunivesite ya Harvard ku America mu 2008. Odwala ena ankangogunditsidwa singano zosalowa n'komwe pakhungu. Pomwe wopereka chithandizo sankacheza nawo, 44 pa 100 anati akupeza bwino. Pomwe ankakhala nawo pansi, kuwafunsa ndi kumvetsera mwachifundo, anafika 62. Mwa ongodikira pamndandanda osalandira chithandizochi, opeza bwino anali 28 pa 100. Sizodabwitsa, poti matumbo ndi ubongo amalumikizana kwambiri, nkhawa ikakula mimba imavutanso.

Acupuncture siopsa kwenikweni singano zikakhala zatsopano. Koma mukaona magazi m'chimbudzi, kuwonda kapena kutsegula usiku, pitani kuchipatala, mwina si IBS.