Kompyuta ikati mufomate disiketi yakale, kanani

Ndatopa nawo mawu akuti "timangofuna tione kaye ngati ikugwira". Ambiri obwera ndi madisiketi akale pantchito panga amayamba ndi mawu amenewa, ndipo ndikangowamva ndimadziwiratu kuti zina zawonongeka kale. Disiketi imene yagona m'katoni kuyambira 1996 siyoyesera. Ina imalola kuwerengedwa kamodzi kokha, ndiye kamodziko mukakatayira pa kuyesa, basi kwatha.

Mkati mwa chikhokhombe chapulasitiki chija muli kachimbale kopyapyala kopakidwa fumbi lachitsulo, ndipo fumbilo ndi limene limasunga zolembedwa mwa mphamvu ya maginito. Analimata ndi mankhwala amene amafooka zaka zikamapita, makamaka kotentha ndi kwachinyezi. Kwathu kuno zonsezi tili nazo: katoni ili pamwamba pa wodirobu, pansi pa malata mu Okutobala, kenako dzinja lifika, chuku n'kumera. Tsono kamutu kowerengera ka mu drive, kachipangizo koikamo disiketi, kamakhudza chimbale chenichenicho, pamene chikuzungulira maulendo 300 pa mphindi. Chimbale chikakhala ndi chuku kamutuko kamachipala, n'kutenga litsirolo kukakanda nalo disiketi yotsatira yomwe inali bwinobwino.

Pali nkhani ina imene imandiwawabe. Mayi wina anabwera ndi jumbo ya madisiketi a malemu bambo ake, amene anali mphunzitsi ndipo atapuma pantchito ankalemba mbiri ya mpingo wakwawo ndi ya mafumu a m'deralo, zimene anamva kwa akuluakulu omwe lero kulibe. Mayiyo anayamba wapita nawo kwa mnyamata wina wa kumsika, woika nyimbo m'mafoni, yemwe anali ndi ka drive kolumikiza pa USB. Windows itati disiketi iyenera kufomatidwa, zomwe zimafufuta zonse zili m'mwemo, iye anadina kuvomera, ati akuikonza. Zitakanika anaika ina, kenako ina, kenako anaitsegulira pulogalamu ya recovery, yobweza mafayilo otayika, yomwe inazunguza disiketi yachuku masana onse.

"Achimwene, anandiuza kuti zinali zakufa kale," anatero mayiwo.

Sizinali zakufa. Nditakankha kachitseko kachitsulo n'kuyang'ana padzuwa, disiketi yachuku ija inali ndi mzere wozungulira wowala mbee, moti kuwala kumadutsa. Pamenepo fumbi lija linachoka, ndipo palibe katswiri padziko lino angabweze zimene zinali pamzerepo. Koma zimene zimandipweteka kwambiri ndi zofomatidwa zija, chifukwa n'zimene zinali zabwino. Bambowo ankalembera pa Macintosh yakale, kompyuta ya kampani ya Apple. Madisiketi a Macintosh a 400 KB ndi 800 KB amalembedwa mwanjira ina, drive yake imasintha liwiro malinga ndi pamene kamutu kafika, ndiye ka drive ka USB sikangawawerenge ngakhale atakhala atsopano. Windows ikakumana ndi chimene sikuchidziwa imangoti fomatani. Tinapulumutsa mitu ingapo pa madisiketi amene mnyamatayo sanawakhudze, yoyamba ndi ina yapakati. Mayina a mafumu amathera panjira.

Vuto lomweli lilinso pa madisiketi a makompyuta ena akale, a Amiga a 880 KB, ndiponso aakulu aja a mainchesi 5.25 a Apple II ndi Commodore 64. Ka drive ka USB kamadziwa za PC zokha, 1.44 MB ndipo mwina 720 KB. Yang'anani m'makona: disiketi ya 1.44 MB imakhala ndi timabowo tiwiri ndi zilembo HD, ya bowo limodzi ndi yamtundu wakale, ndipo imeneyo muziikayikira.

Musanachite chilichonse, tsekani disiketi kuti isalembedwe. Pa yaing'ono ya mainchesi 3.5 kankhani kapulasitiki ka pakona mpaka bowo lioneke. Pa ya 5.25 matani kapepala pa kampata ka m'mbali. Anthu amasokoneza ziwirizi chifukwa zimayenda motsutsana. Yang'anani chimbale pakuwala, chizungulitseni ndi chala kumbuyo. Mukaona mawanga otuwa, kapena chikukakamira, musaiike mu drive. Ikayamba kulira tswii mkatimo itulutseni msangamsanga, ndipo kamutu kapukutidwe ndi sipiriti yopanda utoto yotchedwa isopropyl musanaikemo ina. Sipiriti yofiirira ya kugolosale ayi, imasiya utoto.

Ife sititsegula mafayilo pa disiketi. Timakopera disiketi yonse momwe ilili kukhala fayilo imodzi yotchedwa image, ndipo ntchito yonse yotsatira imachitikira pa kopeyo. Pali tizipangizo monga Greaseweazle, KryoFlux ndi SuperCard Pro timene timalumikiza drive yakale ku kompyuta yamakono n'kujambula kusinthasintha kwa maginito kwenikweniko, osasamala kuti disiketiyo ndi ya makina anji. Kumasulira kumabwera pambuyo, mosathamanga, disiketi ili phee m'bokosi. Mwa njira yofanana nayo, mu 2014 gulu la ku Carnegie Mellon University ku Pittsburgh linatulutsa zithunzi zimene katswiri wojambula wa ku America, Andy Warhol, anajambula pa Amiga mu 1985. Amene akukulonjezani kuti akupulumutsirani deta, mufunseni funso limodzi: kodi mupanga kaye image? Akayankha kuti ali ndi pulogalamu yamphamvu, tengani jumbo yanu muzipita.

Mafayilo akatuluka, musadabwe kuona Word ikuwakana kapena ikuonetsa zilembo zachilendo. Maofesi ambiri m'zaka za m'ma 1990 ankagwiritsa ntchito WordPerfect 5.1, WordStar, Lotus 1-2-3 ndi dBase. LibreOffice, yomwe ndi yaulere, imatsegula za WordPerfect ndi Lotus. Zina zimafuna pulogalamu yake yakaleyo kudzera mu DOSBox, yomwe imayendetsa mapulogalamu akale pa kompyuta yamakono. Muwasandutse PDF, koma oyambirira aja musafufute. Jambulaninso ndi foni zimene zalembedwa pa kapepala ka pamwamba, chifukwa kawirikawiri chaka ndi dzina la mwini zimapezeka pomwepo pokha. Makope akhale malo osachepera awiri osiyana. Fulashi imodzi yokhala m'chikwama si kusunga.

Za kuzengereza ndiye ndilankhula mosabisa. Sony, yomwe inayambitsa disiketi ya 3.5, inasiya kupanga mu 2011. Apple inachotsa drive pa iMac kale mu 1998. Boma la Japan, lomwe linakakamira madisiketi kuposa ambiri, linalengeza mu 2024 kuti lathetsa malamulo owafuna. Ma drive a 5.25 sapangidwanso, amene tikugwiritsa ntchito ndi akaunjika, ndipo nawonso akukalamba: mafuta akuuma, timutu tikusokonekera. M'masitolo a masukulu, m'mipingo ndi m'maofesi muli makatoni a maminitsi, maleja ndi zolemba za ophunzira za nthawi imene dziko limalowa ndale za zipani zambiri, ndipo dzinja lililonse likudyako. Ngati simungapeze katswiri mwezi uno, achotseni pansi pa malata ndi pafupi ndi sipika za wailesi, aimikeni choimirira m'bokosi louma, ndipo achuku akhale paokha.