Kavalo wa minofu yosiririka amene anafalitsa matenda

Alimi a ng'ombe ku Texas, m'dziko la America, ndi m'madera oyandikana nawo amadalira akavalo a mtundu wa Quarter Horse pobusa. Dzinali linabwera chifukwa cha liwiro lawo pa mtunda waufupi wa kota (quarter) ya mailo, pafupifupi mamita 400. Bungwe losunga kaundula wa mtunduwu, AQHA, linayamba mu 1940 ndipo likulu lake lili ku Amarillo.

Woweta akamasankha kavalo woti abereketse, amayang'ana kaumbidwe ka thupi, mtima wa chiwetocho, ndi mbiri ya makolo ake pa ntchito. Ife madokotala a ziweto timada nkhawa kwambiri ndi choyambacho, chifukwa ndi chimene chimakopa maso ndi kukweza mtengo.

Taonani nkhani ya Impressive, kavalo wamphongo amene anabadwa mu 1969. Anali ndi minofu yochititsa kaso, ndipo mu 1974 anapambana mpikisano waukulu wa maonekedwe, uja kavalo sakweredwa koma amangoimitsidwa pachingwe oweruza n'kumamuzungulira. Oweta anakhamukira kwa iye ndi akavalo awo aakazi, mpaka anabereka ana oposa 2,000. Pambuyo pake zidzukulu zina zinayamba kunjenjemera minofu, kufooka miyendo yakumbuyo, kupuma mophokosera, zina kugwa n'kufa kumene. Mu 1992 zinadziwika poyera kuti matendawa, otchedwa HYPP, gwero lake ndi iyeyo.

Vuto lili mu DNA, pa kachigawo kolamulira kalowedwe ka mchere wa sodiyamu m'maselo a minofu. Timakomo tolowera mcherewu sititsekeka bwino, choncho minofu imakokana yokha, makamaka potaziyamu akachuluka m'magazi. N'chifukwa chake kavalo wotere samupatsa msipu wa alfalfa wambiri, poti uli ndi potaziyamu wochuluka. Kholo limodzi lokha likakhala ndi vutoli ndi lokwanira kupatsira mwana, ndipo mwa ana ake pafupifupi theka amatengera. Chowawa n'chakuti matendawa anafalikira kudzera mwa akavalo omwe ankapata mphotho, omwe aliyense ankafuna magazi awo. Kuyambira mu 2007, AQHA imakana kulembetsa mwana amene watengera HYPP kwa bambo ndi mayi omwe. Ine ndimaona kuti lamuloli likadali lofewa, poti wotengera kwa kholo limodzi amalembetsedwabe, naye n'kumabereka.

Si Impressive yekha. Mzere wa Poco Bueno, wotchuka pa ntchito yopatula ng'ombe m'gulu, umayenda ndi HERDA, matenda osupula khungu pamsana moti chishalo sichikhalapo. Awa amaonekera pokhapokha makolo onse awiri ali nawo, ndiye amabisala mibadwo ingapo.

Za mtima sizioneka pa chithunzi. Kavalo wobusira amafunika kukhala wodekha, wosadzidzimuka, komanso wodziwa kumene ng'ombe ikufuna kuthawira isanatembenuke. Luso limeneli ndi lobadwa nalo, kuphunzitsa kumangolinola. Doc Bar, wobadwa mu 1956, anamuweta kuti azithamanga mijaha koma kumeneko sanaphule kanthu; ana ake ndi amene anadzasintha mpikisano wopatula ng'ombe. Ndipo musanyoze mayi. Mwana amatenga theka la chibadwa kwa iye, n'kukhala pambali pake miyezi ingapo akuyamwa ndi kuonera mmene amachitira munthu akayandikira. Ine sindilangiza munthu kubereketsa wamkazi woluma kapena wamantha, ngakhale akongole bwanji.

Pa thupi, yang'anani miyendo musanayang'ane minofu. Ziboda zazing'ono pansi pa thupi lolemera zimabweretsa kutsimphina kavalo akadali pa msinkhu wogwira ntchito.

Kuyeza sikuvuta masiku ano. Mumazula ubweya wa kumchira kapena wa pakhosi pamodzi ndi mizu yake, n'kutumiza ku labotale monga ya yunivesite ya California ku Davis. Kuyeza kumodzi kumaona matenda angapo otengera kwa makolo, kuphatikizapo HYPP ndi HERDA. Mwini kavalo wamphongo akazengereza kukuonetsani zotsatira za kuyezako, pitani ndi wamkazi wanu kwina.