Chingwe cha faiba si waya wa magetsi

Ndatopa kumva ogwira ntchito m'malabotale akudandaula kuti makina awo oyezera kuwala akalamba, chikhalirecho vuto lili pa chingwe cha faiba, chonyamula kuwala, chimene iwo eni amachikulunga ngati tchaja ya foni. M'chingwemo mulibe kopa, muli timaulusi tagalasi timene timalowetsedwa pamodzi m'kachitsulo ka kumapeto, n'kumatidwa ndi guluu wolimba wotchedwa epoxy, kenako n'kusalazidwa mpaka kunyezimira ngati kalilole. Galasi likapindidwa mopitirira muyeso limathyoka mwakachetechete, kunja kukuoneka bwinobwino. Ulusi wokhuthala ma micrometer 200 (micrometer ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita) suyenera kukhala nthawi yaitali utapindidwa mothina kuposa bwalo la masentimita 8 kuchokera pakati kufika m'mphepete, ndipo wa 600 umafuna masentimita 24, komabe ndimapeza zingwe zitakulungidwa pa dzanja n'kumangidwa ndi mphira.

Nkhani imene imandiwawabe ndi ya labotale ina yoyeza madzi, kumene anandiitana patadutsa miyezi inayi chiyambire vutolo. Kachitsulo ka kumapeto kwa chingwe, ka mtundu wa SMA 905, kanayamba kugwedera, ndipo m'malo mofunsa odziwa, anapereka chingwecho kwa mnyamata wokonza mafoni, amene anathiramo supagulu n'kufinya ndi pulaya. Supagulu akamauma amatulutsa nthunzi yosiya chifunga choyera pa galasi, ndipo kutentha kwa nyale ya halogen ya makinawo kunapsereza zotsalirazo. Nditalozetsa mbali imodzi ya chingwecho pa zenera n'kuyang'ana inayo ndi galasi lokuzira zinthu, mwa timaulusi 19 tisanu ndi tiwiri tinali bii, kusonyeza kuti tinathyoka. Choopsa n'chakuti makinawo sanasiye kutulutsa manambala. Kachitsuloko kankasuntha pakati pa kuyeza madzi oyera ndi kuyeza sampulo, motero zotsatira zinkasintha popanda chifukwa, koma zinkalembedwabe m'malipoti n'kusainidwa. Mnyamatayo sindimuimba mlandu kwenikweni, popeza anachita zimene amadziwa. Amene anamutuma ndiwo anayenera kudziwa.

Kumata koyenera kumafuna epoxy wopangidwira faiba, monga EPO-TEK 353ND amene amaumitsidwa pa madigiri 150 kwa ola limodzi, kenako nsonga ya chingwecho imapalidwa pa mapepala osalazira, kuyambira la ma micrometer 30 kutsika mpaka la 0.3, dzanja likuyenda ngati likulemba nambala 8. Amene alibe zipangizo zimenezi asayerekeze n'komwe. Pomangirira pa makina, nati ya kachitsuloko imangidwe ndi zala zokha, ndipo chingwecho chigonekedwe momasuka pa chogwirizira chofewa kuti kulemera kwake kusakoke kachitsulo, chifukwa ngakhale kufinya pang'ono ndi zomangira zapulasitiki kumataya kuwala panjira.

Za kupukuta nsonga ya chingwe ndanenapo kambirimbiri. Spiriti wapepo wa m'golosale amasiya utoto, thonje limasiya ubweya, ndipo chala chimasiya mafuta amene nyale imawaphika n'kuwakakamiza pa galasi. Gwiritsani ntchito spiriti wopanda utoto wotchedwa isopropyl ndi kapepala kosasiya ubweya, ndipo mubwezeretse kachivindikiro mukangomasula chingwe. Musasuzumire nsonga nyale ya deuterium (yotulutsa kuwala kosaoneka kwa UV) kapena leza ili chiyakire, pakuti ngakhale kuwala kumene diso silikuona kumatha kulivulaza. Mukaona kuti manambala akudumpha mukangokhudza chingwe, siyani kuyeza tsiku lomwelo, muike pambali zotsatira za sabata imeneyo, ndipo muitane katswiri musanasaine lipoti lina.