Kunenepa kwambiri ndi mankhwala a magnesium kwa amayi oyembekezera

Preeclampsia ndi kuthamanga kwa magazi kumene kumayamba mimba ikapitirira masabata 20. BP imafika 140/90 kapena kuposa, ndipo kawirikawiri mumkodzo mumapezeka mapuloteni. Vutoli likakula, mayi amatha kugwa n'kumaphupha ngati wakhunyu. Magnesium sulphate ndi amene amateteza ku zimenezi. Kafukufuku wa Magpie, wa mu 2002, adasonyeza kuti amachepetsa ngoziyi kuposa theka.

Mayi wonenepa kwambiri, wa BMI (muyezo woyerekeza kulemera ndi kutalika kwa munthu) 30 kapena kuposa, amagwidwa ndi matendawa mosavuta. Koma chimene ambiri sachidziwa chili pa mlingo wa mankhwalawa. Poyamba amapereka magalamu 4 mumtsempha, kenako galamu imodzi pa ola kudzera m'dripi, kapena jakisoni wa magalamu 5 m'thako maola anayi alionse. Mlingowu ndi womwewo kwa woonda ndi wonenepa yemwe. Tsono magnesium amamwazikana m'madzi a m'thupi, ndipo thupi lalikulu lili ndi madzi ambiri. Dontho la inki limadetsa madzi a m'kapu, koma m'ndowa silioneka n'komwe. N'chifukwa chake amayi ena onenepa amapezeka ndi mankhwala ochepa m'magazi, ndipo madokotala ena amakweza dripi kufika magalamu awiri pa ola. Jakisoni nayenso ali ndi yake: singano ikafupika, mankhwala amathera m'mafuta osafika pamnofu.

Musaganize kuti kuchulutsa ndiye kuthetsa nkhani. Magnesium amatuluka kudzera m'impso, ndipo preeclampsia imafooketsa impsozo. Akaunjikana, amabanitsa kupuma. Ndiye namwino akamagogoda bondo lanu kuti aone ngati mwendo ukudzidzimuka, kuwerenga mapumidwe ndi kuyeza mkodzo, musatope naye. Zikavuta, mankhwala otchedwa calcium gluconate ndi amene amathetsa mphamvu ya magnesium. Kumva kutentha thupi lonse kapena mseru poyamba n'kozolowereka. Magnesium amapitiriza kuperekedwa kwa maola 24 mwana atabadwa.

Kusikelo, lolani akuyezeni kulemera ndi kutalika, ndipo pemphani lamba wamkulu woyezera BP, chifukwa wothina amaonetsa manambala okwera. Funsaninso ngati mukuyenera kumwa aspirin wa mlingo wochepa. Musadzimane chakudya pofuna kuonda muli ndi pakati.

Mutu ukamapweteka osasiya, maso akachita chidima, nkhope ndi manja zikatupa mwadzidzidzi, kapena mukamva ululu pansi pa nthiti kumanja, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku.